Ziwiya Zobooka za mu Sitandade 1

Kumbali ya Kapondo kuli sukulu ina kumene mpaka lero amayi ena akandiona amakokera ana awo kuseri kwa chitenje. Sindiwada ayi. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Ndinafikako mu Seputembala nditangotuluka ku koleji, mwana wobadwira ndi kukulira m'tauni ya Lilongwe. Ahedi anandilandira ndi manja awiri n'kundipatsa Sitandade 1 (kalasi imene aliyense wodziwa zinthu amaithawa). Ana anadzaza mpaka pakhomo. Sabata yoyamba inatha ndi kulemba maina, kupukuta mamina, kuthamangitsa othawa ndi kuyesa msinkhu wa ana powauza kuti adutsitse mkono pamutu n'kugwira khutu.

Kenako ahedi anati alangizi a sukulu za m'dera lathu abwera kudzationa tikuphunzitsa. Ine ndinafuna kuwala. Ku koleji anatiuza kuti mphunzitsi weniweni salira kusowa kwa zipangizo, amagwiritsa ntchito zopezeka m'dera. Phunziro langa linali la ziwiya za pakhomo, choncho ndinalamula kuti, "Mawa aliyense abweretse chiwiya chakale chimene chinasiya kugwira ntchito. Wobwera chimanjamanja asesa bwalo sabata yonse." (Mau omalizawa ndi amene anandipachika.)

M'mawa mwake kunabwera chipande chothyoka ndi zivundikiro ziwiri basi. Sindinkadziwa kuti kumudzi chiwiya sichitayidwa, mbale ikatha imakhala ya nkhuku. Ndinakalipa mpaka ana ena analira. Tsiku lotsatira kamtsikana kena kolimba mtima, dzina lake Tadala, kanabwera ndi ketulo yabuluu, yokongola ndithu, yongoda mbali imodzi ndi utsi.

"Waitenga kuti, Tadala?"

"Patchire, madamu. Zilipo zambiri."

Tchire lake liti, sindinafunse. Masiku amenewo osaka mbewa anali atatentha thengo lonse, ndipo zinthu zimene zinkabisika m'udzu zinali poyera. Ndinauza kalasi yonse kuti imuombere m'manja Tadala ndi kutengera chitsanzo chake. Pofika Lachisanu ndinali ndi makapu, mbale, mapoto, beseni ndi nyali ya koloboyi.

Chilichonse chinali ndi bowo pansi, loboola bwinobwino ngati ndi msomali. Inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinati makolo a kuno ndi oganiza, andiboolereratu kuti ndisavutike popachika. Ndinalowetsamo khonje, n'kuzipachika zonse ku mitengo ya denga, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake. Ndinaima pakhomo n'kudziyamikira ndekha.

Zachilendo zinayamba Lolemba. Dzuwa likakwera, malata akayamba kuthetheka, ziwiya zija zinkagundana pang'onopang'ono pamwamba pa mitu yathu, ngwe, ngwe, ngakhale panja popanda mphepo. Ana a Sitandade 1, amene sadziwa kukhala chete, ankakhala zii. Mayi Tembo a Sitandade 2, amene tinkadyera limodzi mbatata pa nthawi yopuma, anafika pakhomo, anayang'ana kudenga, ndipo phazi limene anali atalowetsa analibweza.

"Madamu, zimenezi mwazitenga kuti?"

"Luso, mayi, luso," ndinawayankha ndikuseka.

Sanaseke. Mbatata zinathera pomwepo, ine n'kumati ndi nsanje.

Kenako panayamba kubwera bambo wina wachikulire, wamtali, woonda, wa jekete lakuda ndi nkhope yotuwa. Ankaima pa windo lakumapeto osayankhula, osayang'ana ine, maso ali kudenga. Ndikatuluka kuti ndimulonjere ndinkapeza palibe munthu, fumbi lokha. Tsiku lachitatu ndinafunsa ana kuti, "Agogo ali pa windowa ndi ndani?" Onse anaweramitsa mitu. Mmodzi ananong'ona kuti, "Sitikuona munthu, madamu." Thupi lonse linachita tsemwe. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti kunyumba anawaletsa kundiyankha chilichonse chosakhala cha m'buku.)

Ana anayamba kuchepa. Ndikaitana maina, ndinkatha tsamba lonse osamva "ndilipo". Ku mjigo amayi ankachotsa ndowa zawo kuti nditunge msanga, ine n'kumati ndi ulemu wa kumudzi. Ahedi anali kalikiliki ndi mafomu a chiyambi cha chaka, lero ku boma, mawa ku msonkhano, ndipo m'kalasi mwanga sanapondemo. Alangizi aja atabwera, nawonso a m'tauni, anayamikira denga langa kwambiri, koma anafunsa kuti ana ali kuti. Ndinanamizira chikuku.

Lachinayi la sabata yachiwiri chipachikireni ziwiya zija ndinatsala ndi ana okwana pamphasa imodzi. Cha m'ma 11 koloko kamvuluvulu anachokera kubwalo la mpira n'kuwomba kalasi yathu. Ziwiya zonse zinalira pamodzi, beseni linagwa n'kumazungulira pansi, ana anatulukira pakhomo ndi pa mawindo. Fumbi litatsika, bambo uja anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Odi, aphunzitsi."

Mtima unatsikako pang'ono, poti sindinamvepo kuti mzukwa umaodira.

"Lowani, agogo."

"Ine ndine Mbewe, wa kuseri kwa dambo uko. Ketulo yabuluuyo ndi ya mayi a kunyumba kwanga, Naphiri."

"Pepani kwambiri, ndiwabwezera lero lomwe. Alipo kunyumba?"

"Anatisiya. Papita dzinja kawiri." Anayang'ananso kudenga. "Bowolo ndinaboola ndine, ndi msomali, tsiku loika maliro. Kuno munthu akagona timamuikira pamtumbira chiwiya chimene ankachikonda. Timaboola kuti wamoyo asachisirire." Kenako anandiyang'ana. "Koma inu sitinakuganizireni."

Ndinayang'ana m'mwamba. Makapu, mbale, mapoto, nyali, zonse zili lendee pamwamba panga, chilichonse ndi mwini wake kumanda. Ndinakhala pansi, pa simenti penipeni, manyazi ndi mantha zitandigwira nthawi imodzi.

A Mbewe anandiuza zotsala mosakweza mau. Moto wa osaka mbewa unalowa m'mphepete mwa manda akale, ndipo ana oopa tsache langa anakatola zimene anaona. M'mudzi monse munali mbiri yoti madamu atsopano akutuma ana kumanda ndipo akuwaphunzitsa ufiti. Makolo anali atapangana zokumana Loweruka likudzalo kuti andichotse pasukulupo, ena ankati ndisadikire n'komwe galimoto.

"Ndiye ndinati ndiyambe ndadzimvera ndekha," anatero. "Ndaima pa windo apo masiku asanu ndi limodzi. Ndamva ka, ke, ki, ko, ku. Ufiti wakewo sindinaumve. Ndaona munthu wosafunsa basi. Ndikanena zomwezo Loweruka."

Anakanenadi, ine nditagwada pakati pa bwalo ndi nkhuku yopepesera, ahedi ali pambali panga thukuta lili kamukamu. Anthu anang'ung'udza, ena anaseka, ndipo pamapeto anagwirizana kuti uchitsiru si ufiti. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anabwera kudzatsitsa ziwiya, banja lililonse n'kumaloza chake. Mayi wina atalandira kakapu kakang'ono kapulasitiki anangokakumbatira. Pamenepo ndinalira, ndipo sindinabise.

Ketulo inatsika pomaliza. Ndinayamba kumatula kapepala kaja, koma a Mbewe anandigwira dzanja.

"Palembedwa chiyani apa?"

"Ketulo, agogo."

"Kasiyeni. Naphiri sanapondepo m'kalasi. Chaka chilichonse ankati akakolola alowa sukulu ya kwacha, mpaka anapita. Tsono wakhalamo masabata awiri, zamukwanira." Anandipatsira ketulo ija. "Lembaniponso dzina lake. Pamtumbira pake palibe."

Ndinalemba NAPHIRI ndi zilembo zikuluzikulu, monga ndimalembera ana pa bolodi. Anaziyang'ana nthawi yaitali ngakhale sankatha kuwerenga, kenako anapereka ketuloyo kwa adzukulu.

Ana anabwerera pang'onopang'ono, Tadala patsogolo. Mayi Tembo anadzabweranso ndi mbatata patapita mwezi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Masiku ano mwana akandibweretsera chiwiya, ndimayamba ndathiramo madzi. Akangodontha, timabwerera limodzi kwa makolo ake, iye patsogolo ine pambuyo.