Che Jamilu ndi Padi Yomva Chichewa

Amalawi onse amene anakhalako ku Rustenburg zaka zimenezo akudziwa kuti Che Jamilu sankatsegula chipangizo asanachiodire. Ukawapatsa wailesi pakhonde pawo ku Zinniaville, ankayamba agogoda ndi sikuludiraiva n'kunena kuti, "Odi m'nyumba muno," kenako n'kudikira. Ena amati tsiku lina anabweza foni ya munthu osaikonza, ati inayankha mwamwano.

Mariamu anawadziwa bwino mu Meyi 2008. Mwamuna wake, Sadiki, anali ataduka zala zinayi za kumanja mumgodi, ndipo kwa miyezi itatu ankangokhala m'kachipinda kawo ka lendi ku Segwaelane, maso ali pakhoma. Kale ankakonda gemu ya mpira pa TV, koma mabatani opatsira ndi omenyera mpira ali mbali ya kumanja ya padi yosewerera gemuyo.

"Zala zapita, nanga pakamwa palipo?" anafunsa Che Jamilu Mariamu atawafotokozera.

"Palipo, bambo, kungoti sipakutuluka mawu."

"Atuluka. Loweruka ndikubwera."

Sabata imeneyo ndi imene nkhani zinayamba kumveka zoti ku Johanesibegi akuthamangitsa alendo ndi kuwatenthera nyumba. Mariamu analongedza zikwama ziwiri n'kuziika kuseri kwa chitseko. Ngakhale pampopi sankayankhulanso Chichewa. Loweruka masana, pamene aliyense ankayenda mobisala, Che Jamilu anatulukira ali m'kanzu, mkanjo wawo woyera, akupereka moni wa Chiyao kwa nkhuku za eni nyumba.

Anaodira padi ija, n'kuitsegula. Anawotcherera timawaya tiwiri pansi pa mabatani, n'kutilumikiza ku kabolodi kamagetsi kamene anatulutsa m'chitini cha fodya, kokhala ndi maikolofoni ngati njere ya nyemba.

"Dzanja lamanzere liziyendetsa wosewera," anauza Sadiki. "Zinazo uzichita kukauza kameneka. Kaphunzitse mawu ako."

"Chonde, m'Chitswana," anatero Mariamu, "komanso motsitsa."

Sadiki anayesa Chitswana chake cha kumgodi. Kabolodi kanangoti zii.

"Chitswana chako chikusintha nthawi iliyonse ukatsegula pakamwa," anatero Che Jamilu. "Ngakhale ine chikundipweteka m'mutu. Yankhula za kwanu."

"Menya," ananong'ona Sadiki.

"Ukufunsira mbeta kodi? Kweza mawu."

Sadiki anakweza. Pofika kachisanu, "menya" wake ankamveka mpaka kumsewu. Mariamu atasuzumira pazenera anaona amuna atatu akulowa pageti, wakutsogolo atanyamula ndodo. Anayang'ana zikwama zija, koma khomo linali limodzi lokha.

Wandodoyo sanadikire kuti amutsegulire. Anafunsa m'Chitswana kuti akukuwa n'chiyankhulo chanji muno, ndipo mapepala awo ali kuti. Anzake awiri anatseka khomo ndi matupi awo.

Che Jamilu sanadzutse n'komwe mutu. Waya mmodzi anali atathothoka, chowotcherera chikufuka utsi m'dzanja lawo.

"Wabwera bwino," anauza wandodoyo m'Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi cha machona akale. "Gwira waya uyu apa. Usanjenjemere. Ukangousiya, magetsi a Segwaelane yense apita, ndipo anthu adziwa kuti ndi iwe."

Munthu uja anayang'ana anzake, n'kuyang'ana dzanja la Sadiki. Anatsamiritsa ndodo kukhoma n'kugwira waya. Che Jamilu anawotcherera pang'onopang'ono ngati alibe kopita, akupepesa padi chifukwa cha kutentha.

"Tsopano," anatero.

Sadiki anayendetsa wosewera ndi chala chachikulu. "Patsa." Mpira unapita. "Menya." Unakathera muukonde. Sadiki anaseka, kuseka kumene Mariamu anali asanakumve chichitikire ngozi.

Mmodzi mwa awiri otseka khomo aja anapempha kuti ayeseko. Anakuwa m'Chitswana, kabolodi osamva. Anakuwa m'Chizulu, chimodzimodzi.

"Kalibe pasipoti, koma Chichewa chokha ndiye kamamva," anatero Che Jamilu. "Nena kuti menya."

Anatha ola lathunthu akuphunzitsidwa mawu awiri amenewo. Pochoka, wandodo uja anauza Sadiki kuti masiku ano azitseka zenera akamasewera. Ndodo anaitenga, ndipo Mariamu sanamasule katundu mpaka Julaye. Kunena za magetsi a Segwaelane, padi ija inali ya mabatire awiri.

Che Jamilu anamwalira mu 2011 atadwala chifuwa sabata imodzi. Anawaika tsiku lomwelo, kutali ndi kwawo ku Mangochi kumene kwa zaka makumi atatu ankangoti apita chaka chamawa. Sadiki, amene panthawiyo anali atapeza ntchito yaulonda ku Waterfall East, ananyamula nawo paphewa jeneza, chonyamulira maliro.

Pakhonde paja pa ku Zinniaville pano pali shopu yogulitsa mafoni. Mwezi watha Mariamu anapitako ndi wailesi yake yomwe inasiya kulira. Wogulitsa anaiyang'ana osaigwira, n'kunena kuti agule ina. Mariamu anaima kanthawi pamalo pamene pankakhala benchi ya Che Jamilu, kenako anakulunga wailesiyo bwinobwino m'chitenje n'kubwerera nayo kunyumba.