Kumbuyo Kwalemera

Ana anga akamanyadira galimoto zawo zamakono zolankhula, ine ndimangoyang'ana panja osanena kanthu. Amaganiza kuti ndi nsanje ya ukalamba. Sadziwa kuti galimoto yoyamba kulankhula mu Lusaka muno inali yanga, ndipo mawu oyamba amene inalankhula pamaso pa anthu anali onyoza apongozi anga. (Mayi wawo akudziwa zonse, koma tinagwirizana kalekale kuti nkhaniyi isamatuluke pa nthawi ya chakudya.)

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo, ufa ndi mafuta ophikira tinkazipeza pamzere, ndipo ukaona anthu atandanda unkayamba waima kenako n'kufunsa chimene chabwera. Ine ndinkakonza mawailesi m'kakhumbi kanga pa msika wa Kabwata. Ndinali ndi kagalimoto kobiriwira, kotsala kwa mzungu wina amene anachoka ufulu utangobwera, ndipo kanadutsa m'manja ambiri kasanandipeze. Pa dashibodi yake, kutsogolo kwa chiwongolero paja, timivi tonse tinafa kalekale. Kamuvi ka liwiro kankaloza ziro ngakhale potsetsereka. Ka mafuta kankaima pakati chaka chonse, ngati munthu wokana kukhala mboni. Mafutawo ndinkayeza poviika kamtengo mu thanki.

Tsiku lina mayi wina anabweretsa wailesi ataikulunga ndi tsamba la magazini yakunja. Patsambalo panali chithunzi cha galimoto ya m'tsogolo. Kutsogolo kwa woyendetsa kunalibe timivi, kunalibe mabatani, koma galasi limodzi lakuda losalala. Wailesi ya mayiyo ndinaikonza mochedwa, chifukwa sabata yonse ndinali m'maloto.

Ndinkati ndikaima pamzere wa ufa, maganizo n'kupita. Ndinkaona galasi lija likuyaka pang'onopang'ono ngati m'bandakucha, mapu a Lusaka yense atayalidwa pamenepo, kadontho kowala kakuyenda mu msewu wa Cairo, ndipo kadonthoko ndine. Galimoto inkandiuza mofatsa kuti sopo wafika ku Libala, ndikhote kumanja. Inkadziwa dzenje lililonse mumsewu ndi dzina lake. Inkalemba liwiro pagalasi lakutsogolo, m'mwamba mwa mitengo, kuti maso anga asatsike pansi. Inkazindikira ndikamawodzera, n'kundiimbira nyimbo ya kwathu ku Katete. Kawiri konse mzere unasuntha ine ndili chiimire, anthu n'kundizungulira ngati chitsa.

Mnansi wanga pamsika anali a Yusufu, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Iwowa ndiwo ankamva maloto anga onse, pakati pa nyundo ndi nyundo.

"Shani, ba injiniya? Lelo motoka yakamba chani?"

"Muzaona, ba Yusufu. Kusogolo motoka izayamba kukamba na dalaivala monga muntu. Na mabatani yazasila yonse."

"Manje ngati yakamba zopusa, uzaizimya bwanji?"

"Siizakamba zopusa," ndinatero. (Funso limenelo ndinayenera kuligoneka pamtima. Mawu a akulu akoma akagonera, koma ine sindinawapatse ngakhale mphasa yogonera.)

Ndinayamba ndi vuto limene ndinali nalo. Kagalimoto kanga kakanyamula matumba atatu a makala, kumbuyo kunkakhudza pansi, ndipo paipi ya utsi inathothoka kawiri. Ndinatenga kawailesi kakaseti kamene mwini wake anataya nako mtima, ndinakabisa kuseri kwa dashibodi ndi mabatire akeake. Ndinakoka waya mpaka pansi pa mpando wakumbuyo, chakumanzere, n'kuikapo siwichi yoti mpando ukatitimira kaseti iziyamba. Mawu ndinajambula ndekha m'khumbi la a Yusufu, m'Chinyanja chaulemu cha owerenga nkhani pa wailesi, machenjezo onse motsatizana. Kenako ndinaphimba timivi takufa tija ndi thabwa losalala lopaka penti yakuda, n'kulimanga ndi zomangira zisanu ndi zitatu. Batani ngakhale limodzi panalibe. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana nkhope yanga m'pentimo, ndipo ndinaona kuti tsogolo lafika ku Kabwata lisanafike ku Ulaya.

Tsopano ndikuuzeni za Esnati. Anali namwino, wowonda ngati bango, ndipo mtima wanga unali utathera pa iye. Bambo ake anamwalira kale, kotero mawu omaliza pa ukwati wathu anali kwa mayi ake, amayi Naphiri a ku Chelstone, mzati wa amayi a mu mpingo wawo, munthu wathupi lake ndithu. Amayiwo ankafuna mnyamata wina wovala tayi, kalaliki wa ku maofesi a ku Longacres. Za ine ankati, "Uja wolankhula ndi mawaya." Loweruka lina abale anayenera kukumana kwa malume ake a Esnati ku Woodlands kuti agamule pakati pa tayi ndi mawaya.

"Ubwele utitenge na motoka," anatero Esnati. "Amai miyendo ibavuta. Bazaona kuti ndiwe muntu wa nzelu. Koma usakambe nabo, wamvela? Chilichonse uziuza ine."

Zimenezo sanafunike kundiuza. Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Mukakumana panjira umapatuka, mawu amadutsira mwa munthu wina. Ine ndinali ndisanakhale n'komwe mkamwini, choncho manyazi anga anayenera kuposa a mkamwini weniweni. Galimoto ndinaitsuka kawiri. Za kaseti sindinadere nkhawa, popeza Esnati anali atakhalapo pampando uja kangapo konse osamveka kanthu.

Ndinafika ku Chelstone dzuwa lili pamutu, injini ndinaisiya ikulira chifukwa ikazima inkafuna anthu okankha. Ndinagwada pambali pa chitseko, maso pansi. Esnati analowa kumbuyo chakumanja. Amayi Naphiri anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono, atavala duku loyera, ndipo anakhala kumanzere. Kagalimoto kanabuula. Ndili mkati molowetsa giya ndinamva kaphokoso kakang'ono kuseri kwa thabwa, kenako mawu anga, odekha ndi onenepa bwino:

"Kumbuyo kwalemera. Kumbuyo kwalemera."

Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona duku likutembenuka.

"Esnati, walankhula ndani?"

"Ni motoka, amai. Bapanga beka. Ikupasani ulemu, ati kumbuyo kwankala bantu olemela, ba ndalama."

Mkazi ameneyu ndimamukonda mpaka lero chifukwa cha bodza limenelo. Amayi anakonza chitenje chawo, ndipo ndikhulupirira kuti anayamba kumwetulira. Ndiye galimoto inapitiriza.

"Chonde tsitsani katundu."

Dzanja langa linapapasa thabwa lija kufuna batani, koma linangoterera pa penti. Kuzimitsa injini sikukanathandiza, pakuti kaseti inali ndi mabatire akeake, ndipo wokankha akanakhala Esnati ndi mayi ake. Kuwapempha kuti asunthire pakati kukanakhala kulankhula nawo, komanso kuvomereza kuti katundu wonenedwayo ndi iwo. Ndinangoponda mafuta n'kulowa mumsewu waukulu, ndikupemphera kuti mabatire athe. (Anali atsopano. Ndinawaimira pamzere maola awiri.)

"Katundu wakumanzere wapyola muyezo. Tayala likuvutika."

"Esnati," anatero amayi mosakweza mawu, "kumanzere kuli ndani?"

Esnati anayang'ana panja ngati waona chozizwitsa m'munda wa chimanga.

Tinalowa ku Kabulonga, kumene ndinakonza dala kudutsa kuti amayi aone malo okongola. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, msewu wonse utayalidwa zofiirira, mipanda yobiriwira mbali zonse, agalu onenepa akugona pa kapinga. M'maloto anga ndinkadutsa msewu womwewu galimoto ikundinong'oneza mawu okoma. Tsopano maluwa ankagwera pagalasi limodzilimodzi, mwakachetechete, ndipo mawu anga ananena momveka bwino:

"Ngati simungathe kutsitsa, mangani katunduyo ndi chingwe pamwamba pa galimoto."

Pamenepo amayi Naphiri anagwira mpando wakutsogolo n'kudzikoka kuti aone bwino chinthu chowalalatiracho. Thupi litangonyamuka pampando, galimoto inakhala chete. Anadikira. Anabwerera pansi, mawu n'kuyambanso. Ananyamukanso, zii. Anayesa kachitatu, pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa mpando m'sitolo. Ndinazindikira kuti galimoto yanga ya m'tsogolo inali nalo batani limodzi ndithu, ndipo batanilo linali mayi wa mkazi amene ndinkafuna kukwatira.

"Amai, nkalani chabe so, kusogolo," anachonderera Esnati.

"Iyayi. Ndimve zonse zimene ili nazo."

Anakhazikika ndi thupi lonse, manja pachifuwa. Machenjezo anali atatha. Kunamveka kuwayawaya, kenako nyundo ikugogoda chitsulo. Apa ndinakumbukira kuti tsiku lojambula lija sindinazimitse kaseti nditamaliza. Mawu a a Yusufu anatuluka m'dashibodi ngati ali nafe momwemo.

"Manje iwe, na bamake Esnati uzakwanisa? Nimvela ati ni bakali."

"Nibayopa maningi," anayankha mawu anga, osati aulemu aja, koma a pamsika. "Bakakuyangana, umvela monga sunasambe."

Esnati anabisa nkhope m'manja. Ine m'maganizo ndinaona kalaliki wa ku Longacres akukonza tayi yake pa tsiku la ukwati.

Nyundo inagogodanso kangapo, ndipo mawu anga anapitiriza, otsika tsopano, a munthu amene akulankhula maso ali kutali. "Koma ba Yusufu, Sande ina ninabaona bayenda ku chechi na miyendo yotupa, baimilila pa mutengo uliwonse kupumula. Balela bana beka, kulibe wobatandiza. Ninamvela chifundo. Ngati banipasa Esnati, sibazayendanso na mendo. Sande iliyonse nizabatenga na motoka, mpaka Mulungu akabaitane. Na kusogolo, motoka izabaziba na zina, izabasegulila chitseko yeka."

"Iwe na maloto yako," anatero a Yusufu, ndipo kaseti inafika kumapeto n'kudzizimitsa.

Tinafika ku Woodlands. Ndinaima pachipata cha amalume, ndinatsika, ndinatsegula chitseko n'kugwada, thukuta likutsikira m'makutu. Amayi sanatsike. Anaweramira kutsogolo, osandiyang'ana ine ngakhale pang'ono, n'kugogoda thabwa lakuda lija ndi chala.

"Iwe galimoto. Popeza ndiwe wapakamwa, ukamuuze mwini wako mawu awiri. Loyamba, mapemphero amayamba naini koloko, ndipo ine sindichedwa. Lachiwiri, katundu uyu sakwera pamwamba."

Anatsika, nalowa m'nyumba, ndipo za tayi sizinamvekenso.

Lolemba ndinatenga sikuludalaivala kuti ndichotse chochititsa manyazi chija, koma Esnati anabwera ndi uthenga woti amayi akuti chisakhudzidwe. Ndinangoboola kachibowo pathabwa kobwezera kaseti kumbuyo, ndipo ndinkaibweza Loweruka lililonse. Lamulungu m'mawa ndinkafika ku Chelstone, iwo n'kukhala kumanzere, galimoto n'kunena kuti kumbuyo kwalemera.

"Ndamva, iwe. Tiye," ankayankha, n'kusunthira pakati kuti ikhale chete.

Zonse zimene ankafuna kundiuza m'zaka zimenezo ankauza dashibodi. "Galimoto, umuuze mwini wako kuti mwana akutsokomola, asamayende naye kumphepo." "Galimoto, mwini wako waonda, akudya koma?" Inenso ndinkayankha ndikuyang'ana thabwa lomwelo, ndipo mwambo sunasweke ngakhale tsiku limodzi. Ndinalonjeza ndili m'maloto, ndipo ndinapereka ndili maso, mvula kaya dzuwa, ngakhale pa Lamulungu limene kunali mpira waukulu.

Amayi Naphiri anatisiya chaka chimene zipani zinachuluka. Lamulungu lotsatira maliro ndinadzuka, ndinavala, ndinaliza galimoto, ndipo ndinazindikira ndili kale pa msewu wa ku Chelstone. Kumbuyo kunali kopepuka, kagalimoto kakudumpha pa dzenje lililonse. Ndinaima pamene ankagulitsa makala, ndinagula matumba atatu osawafuna, n'kuwaika pampando wakumanzere. Kaseti inali itatha mawu, koma inayesetsa: "Kumbuyo kwalemera." Ndinadikira, injini ikulira. Ndinalira ngati mwana, wogulitsa makala akuganiza kuti wandidulitsa.

Lero mwana wanga wamkazi ali ndi galimoto yagalasi lakuda losalala, mapu ndi kadontho kowala, zonse monga ndinaziona pamzere wa ufa. Nayenso amapapasa kufuna batani osalipeza. Akuti zikubwerazo zidzaona nkhope ya munthu n'kudziwa ngati watopa kapena wakwiya. Ndinamuuza kuti akawauze opangawo kuti ayambe aiphunzitsa kudziwa amene wakhala kumbuyo, ndi nthawi yotseka pakamwa. Koma kunena zoona, yanga ikanadziwa kutseka pakamwa, mwanayo sakanabadwa.

Sabata yatha anandikhazika kumbuyo, chakumanzere, popeza nanenso thupi labwera. Galimoto inaliza kabelu, mawu achizungu n'kunena za lamba amene sindinamange.

"Ndamva, iwe. Tiye," ndinayankha.