A Mluzu ndi Dzenje la mu Shedi ya Sitima

Munthu akachita mantha, wina amakuwa, wina amathawa, wina amangouma ngati chitsa. Malemu a Mluzu ayi. Iwo mantha akawagwira, m'kamwa mwawo munkatuluka mluzu wa sitima, weniweni, wautali, woti agalu n'kuyamba kuuwa tsidya lina la njanji. Ndiye poti panalibe chinthu chimene sankachiopa pansi pano, tauni yonse inkadziwa kumene ali popanda kufunsa munthu. Mukamva "pyooo!" cha kuchipatala, aona jakisoni. Mukaumva kuseri kwa sitolo, akumana ndi nkhukundembo. Ankaopa mphenzi, njinga yopanda belu, apongozi awo aakazi, ngakhale ambulera yotseguka yokha. Tsiku lina mayi wina atayetsemula kumbuyo kwawo m'basi, iwo anauliza, dalaivala n'kuponda mabuleki poganiza kuti walowa panjanji.

Mwana wawo wamkazi, amene anthu ankangomutchula kuti Telala chifukwa cha ntchito yake yosoka, anakula ndi manyazi a mluzu umenewu. Nkhani ya chiyambi chake anaimva kambirimbiri mpaka ankatha kuifotokoza ali mtulo.

Kumapeto kwa tauniyo kuli shedi yakale ya sitima, chinyumba chachitali cha njerwa zoda ndi mwaye, cha zitseko zoti njovu ingalowe osawerama. Kale injini za malasha zinkagona m'menemo. Njanji zinkalowa mpaka mkati, ndipo pakati pa njanjizo panali mayenje aatali, akuya kulekeza munthu m'khosi, momwe amuna ankatsikiramo kukapaka girisi ndi kupala phulusa kunsi kwa injini. A Mluzu anali mmodzi wa amuna a m'dzenje. Tsiku lina ali pansipo, dalaivala anakwera osayang'ana, injini n'kuyamba kuyenda pamwamba pawo, nthunzi ikufoka mbali zonse, makala amoto akuwagwera pamsana. Anati akuwe, mawu osatuluka. Chinatuluka ndi mluzu. Dalaivala anaimitsa poganiza kuti kukubwera sitima ina. Anawatulutsa ali mbuu ngati mbatata yootcha, ndipo kuyambira tsiku limenelo phazi lawo silinapondenso mu shedi. Anawapatsa mbendera kuti aziimitsa magalimoto podutsira sitima, ntchito imene anaigwira mpaka kupuma, akuopa sitima iliyonse imene ankaiimitsira anthu.

Injini za dizilo zitabwera, zamalasha zinadulidwa n'kupita ngati zitsulo zakutha. Shedi inatsekedwa, mileme n'kulowa ufumu. Kenako wamalonda wina anasungiramo feteleza. Atachoka iye munalowa mpingo. Ampingo ndiwo anayala matabwa pamayenje aja n'kuthira kasimenti pamwamba kuti pasalale. Koma m'chinyumbamo mawu ankabwerera, moti abusa akati "Lapani!" khoma linkawayankha kuti "Lapani!" ndipo akhristu anatopa ndi kumva ulaliki umodzi kawiri. Potsiriza munalowa amisiri, aliyense n'kudzigawira kachipinda ka matabwa: kalipentala, wowotcherera zitsulo, wokonza mawayilesi, wometa. Telala naye anapeza malo.

"Mama, mwati kuti?" anafunsa a Mluzu atamva. Iwo ankamuitana mwana wawoyo kuti mama.

"Mu shedi, Bambo."

"Muli mileme."

"Inasamuka."

"Denga lija ligwa."

"Laima chiimire inu musanakwatire."

"Nanga mayenje?"

"Anatseka kalekale."

Ataona kuti mwana sakubwerera m'mbuyo, anati ndiye malo oika makina asankha ndi iwo, poti shediyo ankaidziwa ngati thumba la buluku lawo. Tsiku losamukalo anaima panja pa chitseko, zala zakumapazi zitalekeza pamzere, n'kumalamula ndi dzanja ngati akuimitsa sitima.

"Kumanzere! Ayi, kumanzere kwanga! Sunthaninso. Apo! Pamenepo ndi pouma, pamwala weniweni. Dzenje lili uko kwa wometa."

Wometa anamva, ndipo sabata yonseyo ankameta anthu ataima chotang'adza.

Kuyambira pamenepo a Mluzu anapeza ntchito yatsopano. M'mawa uliwonse ankabweretsa chakudya cha mwana wawo m'kontena, n'kukhala pa chipika chakale cha njanji pafupi ndi chitseko, kulondera denga kuti lisagwe. Wowotcherera, munthu wa chipongwe, ankadikira kuti mkuluyo ayambe kusinza, kenako n'kugunditsa ndodo yake pachitsulo, moto n'kuthetheka. "Pyooo!" Kalipentala n'kudzimenya chala ndi hamala, wometa n'kudula khutu la kasitomala pang'ono, shedi yonse n'kufa ndi phwete. Telala ankangoweramira pa makina ake, nkhope ikutentha.

"Bambo, bwanji osangokhala kunyumba?"

"Kunyumba kuli amayi anu."

Tsiku limene anthu sanaseke linali la mvula, masana. Kumwamba kunada bii ngati wina wazimitsa nyali. Mphepo inayamba ndi kugwedeza zitseko, kenako inalowa pansi pa denga, lata n'kung'ambika ndi mkokomo woti munthu n'kuumva m'mano. Amisiri anasiya zonse n'kuthamangira pakhonde la siteshoni yakale, tsidya la bwalo. Telala naye anathawa, koma atafika pakati pa bwalo anakumbukira diresi laukwati la kasitomala wina lomwe analisiya pa makina, pansi penipeni pa malo amene lata linachoka. Anabwerera yekha. Mwa amisiriwo panalibe amene anamuona.

Mkati munali mdima. Madzi a pabwalo anali atapeza njira yawo yakale, akuyenda m'mizere ya njanji kulowa mu shedi ngati timitsinje. Telala anafika pa makina, nagwira diresi. Pamenepo anamva pansi pakulira, kulira kwa thabwa lofumbwa. Asanaganize n'komwe, simenti inatseguka, ndipo iye, mpando, makina ndi diresi zinapita pansi limodzi.

Atatsegula maso anapeza atakhala m'madzi ozizira, msana utatsamira khoma loterera. Mwendo wakumanja sunkasuntha. Chitsulo cha miyendo ya makina chinali chitaupana, ndipo atayesa kukoka, ululu unamukwera mpaka m'maso. Munkanunkha girisi wakale ndi phulusa lonyowa. Pamwamba pake panali chibowo cha m'mbali mosongoka, ndipo pachibowopo madzi ankagwera mkati osalekeza. Madziwo anali m'chiuno. Anakuwa. Mvula pamalata inameza mawu ake onse moti ngakhale iye mwini sanadzimve. Anakuwanso mpaka kukhosi kunawawa. Madzi anafika pamchombo, napitirira. Anayamba kuganiza zinthu zopanda pake: kuti sanaanule zovala, kuti mwini diresi adzanena chiyani, kuti amupeza liti.

Kenako anamva mluzu.

Unali kutali, cha kuchitseko, kumene unkamveka masiku onse. Bambo ake sanathawire kusiteshoni, poti bwalo linali ndi mphenzi. Anali atadzipanikiza pakhoma, ndipo anali atamuona akulowa koma osamuona akutuluka. Mluzu unalira kachiwiri. Telala anatchera khutu. Wachitatu unamveka pafupi. Wachinayi pafupi kwambiri. Tsitsi linamuima. Munthu uja anali akulowa mu shedi, phazi limodzi mluzu, phazi lina mluzu, mumdima, pa simenti imene sankadziwanso kuti pabwino ndi pati.

Pachibowo panasuzumira mutu wa imvi, maso ali tong'o.

"Mama?"

"Bambo, musayandikire! Kaitaneni anthu!"

Koma madzi anali atafika pachifuwa, ndipo a Mluzu anawaona. Anakhala pansi m'mphepete mwa chibowo, natseka maso, nadzigwetsera mkati ngati thumba. Anayesa kunyamula makina, osatheka. Anayesanso mpaka msana unalira, makina osasuntha. Ndiye anagwada m'madzimo kumbuyo kwa mwana wawo, namukweza mapewa, naika mutu wake pachifuwa chawo, dzanja lili kunsi kwa chibwano. Telala ankamva thupi lonse la bambo ake likunjenjemera ngati injini yongoyatsa kumene.

"Bambo, mwalowa mu shedi."

"Musandikumbutse."

"Muli m'dzenje."

"Mama, ndati musandikumbutse! Mayo! Chandikhudza! Chinthu chandikhudza mwendo!"

"Ndi nsalu, Bambo. Ndi diresi lija."

"Nsalu imayenda?"

Ndipo anauliza. Telala anali ataumva mluzuwo moyo wake wonse, koma osati chonchi, pakhutu penipeni, wosalekeza, wongodukiza pokoka mpweya. Madzi anafika m'khosi. Anayamba kumugunda pachibwano. A Mluzu anamukweza mpaka mwendo unachita ngati uduka, iwo akulizabe, milomo ikuterera ndi madzi a mvula.

Kukhonde la siteshoni amisiri anaumva, nayamba kuseka monga mwa masiku onse.

"Mdala wayambapo," anatero wowotcherera. "Lero mphenzi zimumaliza."

Kalipentala sanaseke. Anapendeketsa mutu.

"Tamverani bwino. Ukumveka kawiri."

"Ndiye?"

"Panja mawu sabwerera. Mkuluyu ali mkati."

Anayang'anana. Zoti a Mluzu angalowe mu shedi zinawaopsa kuposa mphepo ija. Anathamanga pamvulapo, wina atanyamula chitsulo chachitali, wina chingwe, akutsata mluzuwo mumdima mpaka pachibowo. Pamene ankatsikira mkati, madzi anali akulowa Telala m'kamwa. Anakanula makina ndi chitsulo chija, namukoka, namutulutsa ali lende.

Anatsala a Mluzu. Kalipentala anatsitsa makwerero.

"Kwerani, bambo."

"Makwerero amenewa anakhoma ndani?"

"Ine."

"Ndiye sindikwera."

"Mufera m'menemotu!"

"Akugwedera. Ndikuwaona ndili pano."

Anachita kuwamanga chingwe m'khwapa n'kuwakoka amuna onse pamodzi, iwo atatseka maso, akuimba mluzu wotsala, wosasa ngati wa tambala wachimfine.

Mwendo wa Telala unali utathyoka, ndipo anauika m'chikhakha. Bambo ake anabwera kuchipatala, malo enanso amene ankawaopa, nakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa chili m'manja, maso akulondera namwino aliyense wodutsa ndi mbale ya jakisoni.

"Ndine ndinakuikani pamenepo, mama. Ndinati ndi pamwala."

"Munaiwala, Bambo. Ndi kale."

"Sindinaiwale. Nthawi imene ndinkagwira ntchito m'menemo ndinkayenda choyang'ana kumwamba, kuopa kuti china chindigwera. Pansi sindinapaonetsetse."

Telala anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi misozi. Anawagwira dzanja.

Mayenje aja anawakwirira ndi miyala, ulendo uno zenizeni, ndipo denga analikhoma. Mbiri inawanda kuti a Mluzu ndi munthu wolimba mtima, ndipo mbiriyi inawazunza kuposa china chilichonse. Mayi wina anabwera kunyumba kwawo akuthamanga kuti m'khitchini mwake mwalowa njoka, abwere msanga. Iwo anadzitsekera kuchipinda, nakankhira bedi kuchitseko.

"Muuzeni kuti ndamwalira!" anakuwa kwa akazi awo.

Mu shedi sanalowenso. Anabwerera pa chipika chawo, ndi kontena yawo, n'kumalondera denga latsopanolo, limene ankati ndi loopsa kuposa lakale chifukwa silinazolowere. Wowotcherera anasiya chipongwe chake mwezi wathunthu, kenako anayambiranso, poti a Mluzu eni ake anamufunsa ngati akudwala.

Anakhala zaka zingapo. Anamwalira masana ena kunyumba kwawo, atakhala pampando pakhonde, chipewa chitaphimba nkhope. Akazi awo anali chapafupi akusita, ndipo sanamve kalikonse. Pamaliro ankangobwereza mawu amodzi kwa aliyense wodzawapepesa: "Munthu woopa nkhukundembo, koma ichi chokha sanachiope. Angopita osandiuza."

Shedi ilipobe. Amisiri achuluka, mwalowanso ogulitsa mafoni, ndipo ana obadwa masiku ano sadziwa kuti mizere iwiri ya chitsulo imene imaonekera pakhomo inali njira ya injini. Telala akusokabe, akuyenda motsimphina pang'ono kukazizira.

Mvula yoyamba chimwalirire bambo ake inabwera masana, ndi mphepo. Malata anayamba kulira, zitseko zikugunda. Telala anaimitsa makina. Kalipentala anaika hamala pansi. Wometa anaima lumo lili m'mwamba. Aliyense anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana mnzake, ndipo aliyense anapeza nkhope ya mnzakeyo ili ndi mantha. Amuna akuluakulu, ndevu pepeya.

Wowotcherera anasendera pafupi ndi kachipinda ka Telala, nayankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

"Achemwali, kodi dengali kale linkalira chonchi?"

Telala anamvetsera kanthawi.

"Linkalira," anatero. "Kungoti ife tinkakhala tikuseka."