Kagawo Kofiira Kamene Kanasowa M'foni Mwanga

Za apu ya pafoni yowerenga chakudya ndinayamba kuzimva m'minibasi yochokera ku Tukombo, kwa mphunzitsi wina amene anakana chimanga chootcha ati foni yamuletsa. Ndinaseka mpaka kutsokomola, osadziwa kuti chinthu chomwecho chidzandivula pamaso pa amayi asanu a ku Kande. Manyazi ake sanathebe, koma tamverani.

Ine ndimakonza makina osokera ndi mawailesi, ntchito yodziphunzitsa ndekha. Ndakhalako ku Mbeya, ku Tete, ku Chipata, masiku aja munthu unkangonyamula sipanala n'kukwera lole. Ku Kande ndinabwera kudzakhala sabata imodzi, pano ndi chaka chachitatu. Chinandigwira mwendo n'chimodzi: kuno mlendo sadutsa pakhomo nthawi ya chakudya. Pang'onopang'ono ndinapeza makomo asanu, lililonse ndi tsiku lake, ndipo mayi aliyense ankayesa kuti ndi yekha wondisunga.

Chizungulire chitayamba kundivuta, ndinapita kuchipatala. Nesi, mayi wa ku Dedza, anandiikira apu ija.

"Bambo Phiri, chilichonse mwadya muzilemba umu. Pakatha masabata awiri tidzaonere limodzi."

Ndinalemba ndithu. Tiyi ndi chinangwa. Mawa lake tiyi ndi chinangwa. Za m'nyumba mwanga n'zomwezo. Koma nsomba ya batala, usipa, mpunga wa ku Limphasa, zonse za m'makomo mwa eni, sindinalembe. Ndinaleredwa ine. Munthu wakuitana mwaulemu wa kuno kuti "Ada, sambani m'manja," iwe n'kutulutsa foni kumawerenga nsomba zake? Kwathu umenewo ndi mwano.

Tsiku litakwana, nesi anadina pena pake, panatuluka chozungulira ngati chigumu chodulidwa magawo.

"Gawo labuluuli ndi zopatsa mphamvu. Kofiira ndi puloteni, zomanga thupi. Mukukaona?"

"Sindikukaona, asisita."

"Nanenso sindikukaona."

Anayang'ana foni, anayang'ana mimba yanga, anayang'ananso foni.

"Ndiye kuti uku n'kutupa," anatero, n'kudina mwendo wanga ndi chala. "Amakuphikirani ndani?"

Apa ndi pamene ndikanaulula. Koma zenera linali lotsegula, ndipo pabenchi panja panakhala a Nyamanda, eni khomo la Lolemba.

"Ndimakhala ndekha," ndinatero. Silinali bodza kwenikweni.

Loweruka masana ndinamva nyimbo yozondera odwala ikubwera chakwathu. Kusuzumira, amayi asanu a kutchalitchi, mabeseni pamutu. Onse asanu ndinkawadziwa, ndi mapoto awo omwe. Ndinathamangira pamphasa n'kufunda chitenje.

"Ada Phiri," anayamba a Nyamanda, misozi ili lengelenge, "ndinamva ndekha kuti m'thupi mwanu mulibe kanthu. Ndawauza anzangawa kuti munthu wodya bwino Lolemba lokha sangakhale moyo."

"Lolemba lokha?" anatero a Nyachirwa. "Lachiwiri amadya kwanga. Mpunga mbale ziwiri."

"Lachitatu ndi kwanga," anatero a Nyalongwe. "Batala wathunthu, ndi mutu womwe."

"Lachinayi amanyamulako ndi wa madzulo," anatero a Nyamhone.

Achisanu, a Nyabanda, anangokweza zala zisanu.

Ine pansi pa chitenje ndinkaganiza za chikwama changa ndi boti la ku Usisya. Makomo asanu atsekeka tsiku limodzi, ndipo dzina langa latha nyanja yonse.

"Nanga Loweruka mumadya kuti?" anafunsa a Nyamanda.

"Zimatengera, ama. Ukwati kapena maliro."

A Nyabanda ndiwo anayamba kuphulika, enawo n'kutsatira mpaka beseni la nyemba linatsala pang'ono kugwa. A Nyachirwa okha sanaseke. Anatola foni yanga.

"Ndiye chinthu ichi chikuuza achipatala kuti ku Kande tikupha mlendo ndi njala? Dzukani, ada. Lembani!"

Ndinalemba masabata awiri onse, aliyense akutchula zake, ena akukumbutsa ndi zokazinga zimene ndinaiwala. Kofiira kaja kanaphuka, kachikasu ka mafuta kanakula kuposa chala changa chachikulu.

Nditabwerera kuchipatala, nesi anayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, pepani. Sikutupa ayi. Mimbayi ndi yanuyanu."

Amayi aja sanandithamangitse, ndipo sindidzatha kuwathokoza. Anangogwirizana kuchepetsa mafuta ndi kuonjezera masamba, ndipo ndisanasambe m'manja ndimayamba ndaonetsa magawo a dzulo. Chizungulire chinatha. Za ulendo sindikuziganizanso.

Izi ndikulembera pakhonde la golosale, ndipo seveni yadutsa kale. Ndinyamuke, lero ndi Lachitatu, theka la batala likundidikira.

Foni ungaibisire nsomba, koma amayi asanu akakhala pamphasa imodzi, ndi minga yomwe amaitchula.