Kachikwama Kamodzi Kopita ku Dublin

Lolemba

Lachisanu ndikukwera ndege! Dublin! Viza ili m'pasipoti, tikiti ili m'foni, mtima uli phaphapha.

Loweruka yunivesite ina kumeneko ikulandira alendo ofuna digiri yachiwiri. Apulofesa amene ndakhala ndikulemberana nawo akuti ndikawapeze tikacheze maso ndi maso, chifukwa akufuna asankhe oyenera sikolashipu asanapite kutchuthi. Ndikaphonya Loweruka, basi, ndadya nkhanga yamawangamawanga m'maloto.

Anzanga a m'kalasi kuyunivesite ya Loughborough amapita ku Spain ngati akupita kumjigo, kachikwama kumsana, manja m'thumba. Nanenso ndikufuna choncho. Tikiti yanga ndi yotchipa, yolola kachikwama kamodzi kokwana pansi pa mpando.

Zolongedza: jekete yabuluu yondionetsa ngati munthu wanzeru, nsapato zakuda, laputopu, mswachi.

Lamulo: osauza aliyense! Ndangouza Anti Esnart okha, poti ndimakhala pakhomo pawo ku Beaumont Leys, muno mu Leicester. Alonjeza kuti sauza munthu.

Lachiwiri

Anti auza gulu lonse la amayi a kutchalitchi pafoni. Akuti n'cholinga choti azindipempherera.

Pemphero loyamba lafika ndi miyendo. Amayi Banda, namwino mnzawo wa Anti, ali pakhomo ndi jumbo.

"Mwana wathu, timakunyadira. Mchemwali wanga ali ku Dublin konko. Ndi kaphukusi chabe, ungodropa."

Kaphukusiko: nsalu zitatu ndi tsabola wa kambuzi wouma. Foni ikungolira. Kodi Mmalawi aliyense wa mu Leicester ali ndi m'bale ku Dublin? Bwanji palibe anandichenjeza?

Lachitatu

M'sitima pochokera ku Loughborough ndikuyeserera kukana. "Pepani, andege salola." Ndikunena mwaulemu koma molimba, mpaka bambo wokhala moyang'anana nane wasamukira mpando wina.

Ndikufika kunyumba, Bambo Tembo a ku Zambia ali pasofa. Atuluka kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, osagona, akwera mabasi awiri kuchokera ku Spinney Hill. Maso ofiira. Mwana wawo wamwamuna ali ku Dublin, ndipo m'manja muli phukusi la tinsomba touma.

"Ni kapenta chabe, mwana wanga. Sikalema iyayi."

Ndatsegula pakamwa kuti mawu anga a m'sitima aja atuluke. Patuluka akuti, "Palibe vuto, bambo." Ndagwadanso polandira! Ndikudzida kwambiri.

Lachinayi

Chikwama chakana kutsekeka. Ndachikhalira, chakanabe.

Zatuluka: nsapato zanga zakuda, laputopu.
Zalowa: nsapato zaukwati za munthu amene sindikumudziwa, Baibulo lachichewa, thelele louma, zithunzi za khanda.

Jekete yanzeru ija ikununkha kapenta.

Ndadandaulira Anti kuti andikanireko kwa anthu. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, tsiku lomwe unafika kuno ukunjenjemera ngati kankhuku konyowa, anakupatsa majuzi ndani? Si anthu omwewa? Lero wakula, ukufuna uziyenda ngati mzungu?"

Ndayang'ana juzi imene ndavala: ndi ya Amayi Banda.

Nzeru yatsopano: Bambo Mbewe, amuna awo a mchemwali wa Amayi Banda, adzandilandira pabwalo la ndege ku Dublin, ndipo ndidzagona kwawo. Ndidzawatula katundu yense pomwepo, agawe okha. Mtima watsika pang'ono. Pang'ono pokha.

Lachisanu

Pabwalo la ndege la East Midlands ndavala madiresi awiri, juzi, jekete, ndi nsalu imodzi ya Amayi Banda m'khosi. Thukuta kamukamu! Aliyense wovala yunifolomu ndikumuona ngati akubwerera ine.

M'ndege mayi wokhala pambali panga akukwinya mphuno, akuyang'ana uku ndi uku kufuna kudziwa kumene fungo likuchokera. Nanenso ndikukwinya mphuno, ndikuyang'ana uku ndi uku. Tikufufuza limodzi.

Dublin! Ndatera! Bambo Mbewe ndi munthu wansangala, koma katundu akana kulandira.

"Ayi, mwanawe, maphukusi a anthu sitingakulandire ife. Eni ake akufuna aone nkhope yako, amve za ku Leicester. Mawa m'mawa tingozungulira fasiti fasiti, kenako ndikudropa kusukuluko."



Loweruka

Nyumba yoyamba, ya nsapato zaukwati: tiyi, mandasi, pemphero. Akufunsa za anthu a ku Leicester mmodzimmodzi, mpaka ana awo.

Nyumba yachiwiri, ya Baibulo: mpunga ndi nkhuku. Ndikuti ndakhuta, ndikuthamangira kusukulu.

"Kwa anzathu mwadya, kwathu kokha ndiye mwakana? Tinakulakwirani chiyani?"

Ndadya. Awonjezera. Ndadyanso.

Uthenga wa apulofesa pafoni: alipo, akundidikira, koma sakhalitsa. Ndaonetsa Bambo Mbewe. "Ndi pafupi pomwepa, usadandaule." Pafupi pawo si pafupi panga!

Nyumba yachitatu: mwana wa Bambo Tembo sanatuluke kuntchito. Ndikuti tisiye kapenta kwa mkazi wake. Mkaziyo akuti ayi, amuna ake akhumudwa akapeza mlendo wa bambo awo wapita, ali m'njira. Waika mpunga pamoto. Ndikumwetulira, misozi ili pafupi. Sindikudziwa kuti munthu amadzuka bwanji pampando wa eni ake mpunga usanapse. Kusukulu sanatiphunzitse zimenezo.

Tafika kuyunivesite akupinda matebulo. Apulofesa apita kale. Ndaima pageti, mimba ili ndendende, ndikulira ngati mwana. Bambo Mbewe akuti ndipukute maso, andijambule, kuti a ku Leicester aone kuti ndinafikadi.

Lamulungu

Dublin ndamuona: mvula, mawindo a galimoto, makhitchini a Amalawi.

Ndalembera apulofesa kupepesa. Yankho labwera nthawi yomweyo, lija lodziyankha lokha, lakuti ali kutchuthi. Walira mvula walira matope. Ndimafuna kuona dziko, ndaliona.

Pobwerera chikwama chalemera kuposa popita, poti aliyense amene ndinamupatsa phukusi wabweza lake. Sindinayeserere n'komwe kukana.

Amayi Banda abwera kudzatenga lawo atangoweruka kutchalitchi. Anti awafotokozera zonse za sikolashipu. Amvetsera mwachisoni ndithu, andigwira dzanja.

"Usalire, mwana wathu, Mulungu amadziwa zimene akuchita. Nanga ukanakhazikika ku Dublin konko, ife kuno bwenzi tikutuma ndani?"

Anti ati ameni. Nanenso, poti ndinaleredwa bwino, ndati ameni.