Ndinagwa pa Njinga Yosayenda

Pali zinthu zina zoti mayi wa ana awiri sayenera kuulula pagulu. Koma poti theka la Karonga linamva kale, bola mumve kwa mwiniwakene, ena asanathiremo mchere. Ine ndinagwa pa njinga yosayenda.

Ndiyambe ndi tchimo langa. Ndinakulira ku Ndirande, kumene munthu ukafuna kupita kwinakwake umakwera minibasi kapena kuyenda wapansi, ndipo kwathu kunalibe njinga. Ndinafika zaka makumi anayi ndisanapalasepo. Tsono tsiku lomwe ankandiyesa mafunso a ntchito ya ulangizi wa zaulimi, atandifunsa ngati ndimatha kupalasa njinga, pakamwa panga panayankha pokha kuti, "Kwambiri." (Osati "eya" chabe ayi. Kwambiri.)

Ntchito ndinaipeza. Ananditumiza ku Kaporo, m'boma la Karonga, kwa alimi a mpunga, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandipatsa njinga yatsopano, mbee. Amene munafikako mukudziwa kuti kumeneko njinga ndi miyendo ya munthu. Mumakumana ndi mayi wabereka mwana, thumba la mpunga lili pakaliyala, dzanja lina akuyankha foni, koma akudutsa pa kanjira kopyapyala ka pakati pa minda osagwedera n'komwe. Ine yanga ndinkaikankha. Kwa miyezi isanu ndinaikankha, ndipo zifukwa sizinkandisowa: lero tayala lachepa mpweya, mawa msana, mkuja ndikufuna ndione bwino mbewu za m'mbali mwa njira.

Ndiye Lachinayi lina abwana athu, bambo Msukwa, analengeza kuti Lolemba kubwera alendo ochokera kulikulu. Tidzawatengera ku minda ya kutali kumene galimoto sifika, tonse pa njinga, ndipo wotsogolera ndine poti dera ndi langa. Ndinali ndisanakhazikitsidwe pa ntchito, ndipo ndinkadziwa kuti bodza la tsiku la mafunso lija likaululika pamaso pa alendo, ndibwerera ku Ndirande ndi katundu pamutu.

Mawa lake ndili m'tauni ya Karonga ndinaona chipepala pakhoma la sitolo: "Kalasi ya njinga, Loweruka m'mawa. Oyamba kumene, takulandirani." Ndinatsala pang'ono kugwada pamsewu pomwepo. Sukulu yophunzitsa akuluakulu kupalasa, ndiponso m'nyumba, mopanda maso a anthu! Mawu ena a Chingerezi amene anali m'munsimo sindinavutike nawo kuwerenga.

Loweruka ndinalawirira. Ndinavala buluku la masewero la mwana wanga wamkazi, n'kukulunga chitenje pamwamba chifukwa ulemu ndi ulemu. Ndinabwereka chipewa cholimba kwa aneba anga a njinga yamoto. Ndinatenganso kope ndi bolopeni. (Sekani, zilibe kanthu. Ine ndinkapita ku sukulu.)

Malowo anali chipinda cha masewero olimbitsa thupi kuseri kwa nyumba ina yogona alendo, denga la malata, fani imodzi yokha ikungotembenuza mpweya wotentha. Munali njinga zokwana khumi, iliyonse ili ndi gudumu limodzi lachitsulo kutsogolo, miyendo itakhazikika pansi. Ndinagoma ndi nzeru za azungu. Ndinati ee, munthu uyambe waphunzira pa yosagwa, kenako akupatse yeniyeni.

Mphunzitsi anali mtsikana wowonda, dzina lake Tupokiwe. Anayang'ana chipewa changa, n'kuyang'ana kope, kenako n'kudziluma mlomo.

"Mama, chipewacho mukhoza kuvula, muno mulibe magalimoto."

"Ayi mwanangu, ndine woyamba kumene."

"Yewo, palibe suzgo," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. Anandikweza pa njinga ya kutsogolo kwenikweni, imene ndinasankha ndekha monga mwana wasukulu wakhama, n'kundimanga mapazi ndi timalamba pa mapedulo. Anandionetsanso kachitsulo kofiira kozungulira m'munsi mwa hendulo. Anafotokoza ntchito yake, koma sipika inali itayamba kale kugunda, ndiye ndinangogwedeza mutu. Anthu ena ankalowa kumbuyo kwanga, ine osacheuka, kuopa kugwa.

"Tiyeni, tchovani! Pachoko pachoko, pang'onopang'ono!"

Abale, ndinapalasa. Ine amene, mwana wa ku Ndirande. Miyendo inkazungulira, njinga osapendekeka, ndipo misozi inalengeza m'maso. Ndinayamba kudziona Lolemba ndili patsogolo pa alendo, ndikuloza minda ndi dzanja limodzi. Chishalo chokha ndicho chinali chankhanza, kakang'ono ngati chipande, koma ndinati maphunziro ndi kupirira.

"Phiri likubwera! Onjezerani!" anakuwa Tupokiwe.

Ndinayang'ana kutsogolo, kunali khoma. Koma ndinaona iye akupotokola kachitsulo kofiira kaja, nanenso ndinapotokola kanga. Vuto ndi loti iye anali atayang'anizana nafe, ndiye dzanja lake lamanja linali kumanzere kwanga. Anzanga onse ankalimbitsa gudumu, ine ndinkamasula. Kumbuyo ndinkamva anthu akubuula, akuwefuka ngati akukwera phiri la Chiweta, pamene ine miyendo inkangopepuka. Phiri lililonse limene ankalengeza, ine ndinkamasulabe. Ndinayamba kuwamvera chisoni anthu a kuno. Ndinati kani mbiri yonse ija, mphamvu alibe.

Pofika phiri lachinayi, sindinali ine wopalasa. Njinga ndiyo inkandipalasa. Gudumu lachitsulo lija linali litatenga liwiro, mapedulo akuzungulira okha, mawondo anga akufika m'chibwano. Thukuta linadzaza m'chipewa n'kumatsikira m'maso. Kope linagwa.

"Imirirani! Aliyense imirirani!"

Iye ankatanthauza kuti tidzuke pachishalo, tizipalasa chiimirire. Ine ndinamva ngati akuti imani, ndipo ndinathokoza Mulungu. Ndinaumitsa miyendo. Tsono njinga zimenezi, ndinadziwa mochedwa, sizili ngati za pamsewu zimene ukasiya kupalasa zimangoyenda mwaulemu. Ukaima iwe, gudumu silimva. Pedulo inandikankha m'mwamba, n'kundibweza pachishalo, n'kundikankhanso. Manja anasakasaka mabuleki pa hendulo, kunalibe. Ndinafunanso belu, sindikudziwa kuti ndimuimbire ndani. Phazi lamanzere linapulumuka m'kalamba kaja, mpendero wa chitenje unakodwa m'pedulo, ndipo njinga inayamba kundivula pang'onopang'ono pamaso pa anthu. Ndinawerama kuti ndilanditse chitenje changa. Chipewa cholemera chija chinatsogola, ine n'kutsatira.

Khuu!

Nyimbo inazima. Ndinali chagada pa simenti, phazi limodzi likadali lomangidwa m'mwamba, chitenje chitakulungika pa njinga. Tupokiwe anathamanga n'kudina kachitsulo kofiira kaja, gudumu n'kuima nthawi yomweyo. (Inde, buleki inali imeneyo. Anali atandiuza.)

"Mama, mwapweteka? Pepani chomene!"

Sindinapweteke, kupatula chigongono. Koma chifukwa cha mantha a masiku atatu ndinalankhula mokweza, ndili pansi pomwepo.

"Mwanangu, undiuze zoona. Ngati yomangirira pansi ikundigwetsa chonchi, Lolemba ndikatani ku Kaporo? Nanga zoyenda osagwa mutiphunzitsa liti? Kukhota bwanji? Ine njinga sindinakwerepo chibadwire, ndipo abwana anga sakudziwa!"

Kenako kumbuyo kunamveka kutsokomola kumene ndimakumva m'mawa uliwonse ku ofesi.

"Mwawuka uli, alangizi."

Bambo Msukwa. Atavala kabudula, thaulo lili m'khosi, pa njinga ya kumbuyo kwanga kwenikweni. Adokotala anawalamula kuti azichita masewero chifukwa cha shuga, ndipo Loweruka lililonse amakhala pamenepo. Ndinalakalaka simenti itang'ambika.

Anandidzutsa okha, n'kunditulutsa panja pamthunzi. Ndinayamba kupepesa, ndikudikira kumva za kalata yondichotsa ntchito. Iwo ankapukuta nkhope ndi thaulo, mapewa akugwedezeka.

"Mayi, mukuti sindikudziwa? Kaporo yense akudziwa. Alimi anakupatsani dzina sabata yachiwiri. Amati kukubwera mama woperekeza njinga."

Ndinagwira pakamwa.

"Nanga mumaganiza kuti misonkhano yanu anaisamutsiranji, kuchoka ku minda kubwera pa mtengo wa mango wa pamsewu? Anakuuzani kuti kumeneko kuli mthunzi wabwino, eti? Amayi a gulu lanu la alimi anabwera kwa ine. Anati mlangizi uyu ntchito amaidziwa, mbewu yathu yasintha, koma atifera m'njira ndi dzuwali. Anandipempha kuti ndisakufunseni, muchita manyazi."

Apa ndiye ndinalira zenizeni, chipewa chili kumutu. Miyezi isanu ndinkadziona wochenjera, pamene anthu amene ndinkawanamizawo ankayenda mtunda wautali, kusiya ntchito kuminda, kuti ine ndisatope ndiponso ndisachite manyazi. Kugwa kuja sikunandipweteke ngati zimenezi.

"Ndiye za Lolembazo munanditchuliranji?" ndinafunsa.

"Ndimafuna muulule nokha. Sindimadziwa kuti mukaululira pansi."

Lolemba alendo ndinawatsogolera ndithu, nditakhala pakaliyala ya mayi wina wa gulu la alimi, ndikuloza minda ndi manja onse awiri. Alendowo anayamikira kuti ndimagwirizana kwambiri ndi anthu anga. Kuyambira Lachiwiri, tikamaliza msonkhano, amayi anayi ankandigwirira njinga pabwalo la mpira, wina uku wina uku, akukuwa kuti ndisayang'ane pansi. Ndinagwa kokwanira, ndipo ulendo uliwonse ankayamba aseka kenako n'kundidzutsa.

Misonkhano tinaibwezera ku minda, ndipo ndimapitako ndikupalasa ndekha. Ndikanakonda kukuuzani kuti tsopano ndine katswiri, koma bodza ndinasiya. Njira ikakhala yowongoka, ndimathamanga moti simungandipeze. Ikafika pokhota ndimatsika, n'kuinyamula njingayo, n'kuilozetsa kumene ndikupita, kenako n'kukweranso.