Soketi ya Apongozi

Lolemba
Apongozi akufika Loweruka kuchokera kumudzi, ulendo wawo woyamba kuno kutsidya kwa nyanja. Adzagona m'kachipinda ka pansi, kozizira ngati mochale. Soketi ilimo imodzi yokha, kuseri kwa kabati. Zofuna magetsi: hita, bulangete lamagetsi, foni, nyale.

Ndikuuza mkazi wanga kuti ndiwonjezera ina ndekha. Iye akuti tiitane a Gondwe a ku Croydon, amuna a mkulu wake, poti iwo "amadziwa za manja". A Gondwe! M'nyumba mwanga! Munthu anakhoma shelufu imodzi, mpaka lero banja lonse silinapume nayo nkhaniyo.

Lachiwiri
Poweruka kuntchito, molunjika kusitolo ya zomangira ku Romford. Waya, soketi yapawiri, kabokosi kake, makina obowolera. Wogulitsa akundifunsa ngati ndine wamagetsi. Funso lanji limenelo? Wogula mpeni amamufunsa ngati ali ndi butchala?

M'basi anthu akuyang'ana katundu wanga mwaulemu.

Lachitatu
Ndathimitsa magetsi nyumba yonse. Ndikumasula soketi yakale ija. Pa vidiyo ya pafoni mawaya anali awiriawiri. Muno ali atatuatatu, ena ofiira ndi akuda, ena abulauni ndi abuluu, opiringizana ngati matumbo a mbuzi. Mkulu wa pavidiyo akumwetulira, akuti n'zosavuta. Wabodza, ndipo khoma lake n'lachinyengo.

Ndalumikiza wanga pamwamba pa enawo ndi kukankhira zonse m'kati. Chivindikiro chikukana kutsekeka bwino. Si vuto langa, kabokosiko anakapanga kakang'ono.

Lachinayi
Tsiku lobowola malo a soketi yatsopano. Khoma lakuno ndi katoni wopaka penti, makina akungolowa okha. Kenako phokoso lasintha. Kenako madzi. Akuda, ofunda, onunkha dzimbiri, molunjika pachifuwa panga.

Paipi yotenthetsera nyumba. M'khoma! Ndani amabisa paipi m'khoma osalembapo chilichonse? Kwathu paipi imayenda poyera, aliyense n'kumaiona.

Boyila yotenthetsa madzi a m'mapaipiwo yazima. Mkazi wanga waima pakhomo ndi yunifolomu ya kuchipatala. Akundipatsa ndowa, akukwera m'mwamba. Bola akanalalata.

Lachisanu
Madzi alowa mu soketi yakale. Ndikakweza switchi yaikulu, ikugwa yokha. Ndikweze, igwe. Ndikweze, igwe. Pansi ponse mulibe magetsi, filiji ikudontha, m'nyumba mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Wokonza mapaipi akuti mpaka Lolemba. Wamagetsi akuti sakhudza kanthu khoma lisanaume, ndipo akufuna kudziwa amene anagwirapo. Ndamuuza kuti nyumbayi yadutsa m'manja ambiri.

Mkazi wanga wauza mkulu wake. Uthenga wa a Gondwe wafika: "Musadandaule achimwene, zimachitika." Ndi kachithunzi ka manja opemphera. Chipongwe chenicheni.

Loweruka
Takawatenga apongozi kubwalo la ndege. Njira yonse apongozi akuyamikira misewu. Tikulowa m'nyumba kunja kukuyamba kuda, dzuwa lakuno silichedwa. Ndikuyatsa kandulo. Iwo akhala pampando, jekete osavula, chitenje chachiwiri pamapewa. Akuyang'ana kandulo, ndowa, bowo la pakhoma. Ine sakundiyang'ana, mwaulemu wa kwathu. Akufunsa mwana wawo chapansipansi:

"Kodi kunonso amathimitsa? Nanga dera lanu amayatsa tsiku liti?"

Mkazi wanga akuti, "Afunseni akamwini anu, ndi amene akudziwa ndondomeko yake."

Ndisanatsegule pakamwa, hutala ya galimoto yalira panja. A Gondwe abwera kudzatenga apongozi, galimoto atalitenthetsa kale, atabweretsanso bulangete. Anyamula chikwama cha apongozi ndi dzanja limodzi. Limodzi! Kuti aliyense aone.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, nkhani yafikako kale. Mkazi wanga anapita nawo. Ndili ndekha, majekete awiri, chipewa, tiyi wowiritsa m'chipinda chogona. Pagulu la banja la pafoni aponya chithunzi: apongozi pafupi ndi hita, a Gondwe akuwathirira tiyi.

Mkazi wanga waimba kuchokera ku Croydon. Akuti mayi sanakwiye, akungondimvera chisoni. Auza abale onse kumudzi kuti mkamwini wawo ndi munthu wabwino, koma boma lakuno likumuzunza. Alamula kale mlongo wawo kuti agule mbaula, apatsire aliyense wobwera kuno.

Akufunsa ngati ndikufuna yaikulu kapena yaing'ono.

Ndati yaikulu.